Dzimbiri Pansi pa Maliro a Mjomba

A mjomba anga, Che Bwanali, anamwalira Lachiwiri m'mawa ku Nkaya, mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Anasiya mkazi mmodzi, mbuzi zitatu, pikapu imodzi ndi ine. Mwa zonsezi, zimene zinali ndi tsogolo looneka ndi mbuzizo.

Ine ndine mwana wa mlongo wawo. Ndinapitako ku koleji ku Zomba, koma m'chaka chachiwiri ine ndi mayeso tinasiyana maganizo, ndipo akuluakulu a sukuluyo anakhala mbali ya mayeso. Nditabwerera kumudzi ndi sutikesi ya mabuku, abale anandiyang'ana monga amayang'anira ufa umene wavumbidwa ndi mvula. A mjomba okha ndi amene anati, "Chingerezi ukuchidziwa, uziyankhula ndi apolisi. Gwira chiwongolero." Motero ndinakhala dalaivala wawo zaka zinayi, kutenga nsomba za milamba ndi makumba ku nyanja ya Chilwa, kwathu kwa Mposa, kukagulitsa ku Balaka ndi ku Nkaya kumene iwo anakwatira.

Matenda atakula anandiitana pamphasa pawo. "Yusufu, ine ndikafa usandisiye kuchikamwini kuno. Ukandiike kwa Mposa pafupi ndi mayi anga. Ndipo mayi ako aone nkhope yanga ndisanalowe pansi." Ndinavomera mosavuta, chifukwa ndinkaganiza kuti achira.

Ife Asilamu maliro sitigoneka. Munthu akatisiya m'mawa, dzuwa lomwelo lisanalowe akhale ali m'manda. Kuchoka ku Nkaya kukafika kwa Mposa, galimoto yabwino inkatenga maola anayi. Yathu sinali galimoto yabwino.

Pano ndiulule tchimo langa ena asanaliulule. Pikapu imakhala pa zitsulo ziwiri zazitali zochokera kutsogolo mpaka kumbuyo, zimene amakaniko amati chesisi. Ndiwo msana wake. Nsomba zaziwisi tinkazikuta ndi udzu wonyowa, ndipo madzi amchere a ku Chilwa ankadutsa m'mipata ya matabwa n'kumagwera pa chitsulo cha kumanzere, patsogolo pang'ono pa pamene pamagwira sipuling'i. Dzimbiri linadya pamenepo mpaka chala chinkalowa. Itakwana nthawi yokaonetsa galimoto kwa oyeza magalimoto a boma, a mjomba anandipatsa masiku awiri kuti ndikawotcheretse ku Balaka. Ine, munthu wa ku koleji, ndinaona kuti masiku awiri achuluka. Ndinafwinyira nyuzipepala m'bowomo, ndinamata simenti, ndinapaka phula pamwamba, kenako ndinawaza fumbi kuti paoneke pakale. Nyuzipepalayo ndinasankha masamba opanda chithunzi cha mwini dziko, pakuti ndinali wachinyengo koma sindinali wotopa ndi moyo. Galimoto inakhoza mayeso. Pamenepo inandiposa. Masiku awiriwo ndinakathera kwa mtsikana wina wa ku Utale, amene pambuyo pake anakwatiwa ndi mphunzitsi.

Pofika eyiti koloko a Mwalimu Idirisa, otsogolera mzikiti wa ku Nkaya, anali atasambitsa thupi ndi kulikulunga mu sanda. Uthenga tinautumiza pa lamya ya kusiteshoni ya sitima kupita ku Machinga, kuti wa njinga akaufikitse kumudzi, anthu ayambe kukumba. Tinabwereka jeneza la mzikiti, chonyamulira maliro cha matabwa chokhala ndi mitengo inayi yogwirira, tinaliika kumbuyo kwa pikapu. Amuna awiri oyandikana nawo nyumba anakhala uku ndi uku kuligwira, a Mwalimu kumutu. Kutsogolo ndinakhala ndi azakhali, Abiti Daudi, mkazi wa malemu. Tinasomeka nthambi zaziwisi kutsogolo ndi kumbuyo kuti aliyense adziwe chimene tanyamula, ndipo tinanyamuka.

Mtsinje wa Rivirivi unali utauma. Mchenga wokhawokha, ndi zitsime zimene amayi anafukula pakati pa mtsinje. Ndinalowa ndi giya yoyamba monga ankandiuzira a mjomba, koma pakati penipeni matayala a kumbuyo anayamba kudzikumbira okha manda. Amuna amene ankaweta ng'ombe tsidya anaona nthambi zija, anavula zipewa, anabwera osaitanidwa. Palibe amene anafuula monga amachitira pokankha galimoto ya nsomba. Anangoika mapewa, ife tinatuluka. Pokwera gombe la tsidyalo ndinamva pansi kuti *kho*, kamodzi kokha, ngati munthu wagogoda pakhomo n'kusintha maganizo.

"Chimenecho n'chiyani?" anafunsa azakhali.

"Mwala, azakhali."

Ku Balaka tinadikira petulo pafupifupi ola lathunthu. Magetsi anali atazima, ndipo mkulu wa pampu ankapopa ndi dzanja, botolo lina lagalasi la pampuyo likadzaza lina likutsitsa. Patsogolo pathu panali malole awiri a thonje. Dalaivala wa lole yachiwiri ataona nthambi anabwerera m'mbuyo kutipatsa malo, koma woyambayo anali atayamba kale kumwetsa, ndipo lole ya thonje simwa ngati mpheta. Ndinagwiritsa ntchito nthawiyo kulowa pansi pa galimoto. Phula wanga anali atang'ambika mzere woonda ngati tsitsi, kuchokera pansi kukwera. Ndinatola waya kuseri kwa pampu, ndinamanga mwamphamvu, ngakhale ndinkadziwa kuti kumanga chesisi ndi waya kuli ngati kumanga mwendo wothyoka ndi ulusi wosokera.

A Mwalimu anasuzumira kuchokera pamwamba. "Che Yusufu, mwataya chiyani pansipo?"

"Ndikungoipatsa moni, a Mwalimu."

"Mwaipeza ili bwanji?"

"Ikuti yadzuka."

Sanaseke. Anayang'ana dzuwa, kenako anayang'ana ine.

Msewu wa phula wopita ku Liwonde ndinauyenda mofatsa kotero kuti munthu wina wa njinga, atanyamula nkhuku m'dengu, anatipitirira kawiri. Tisanafike pamlatho wa Shire tinapeza nsungwi itapingasa msewu, ndi anyamata a chipani a malaya ofiira. Masiku amenewo munthu wopanda khadi la chipani sankalowa mumsika, sankakwera basi, ndipo ena ankati ngakhale mwana wa m'mimba ankafunika lake. Tinatulutsa makhadi tonse asanu. Mmodzi wa iwo, wa ndevu zongoyamba kumene, anawawerenga, anazungulira kumbuyo, analoza jeneza ndi chibwano.

"Nanga agonawo?"

Ndinatsitsa chotchingira dzuwa cha pagalasi, pamene a mjomba ankasunga mapepala, ndinatulutsa khadi lawo ndi kulipereka ndi manja awiri. Linali labwinobwino. Linali ndi miyezi ina iwiri ya moyo kuposa mwini wake. Mnyamatayo analitembenuza uku ndi uku mpaka mkulu wawo anabwera, anamulanda, anandibwezera, anati "Pepani, bambo," n'kukweza nsungwi yekha.

Tili pakati pa mlatho azakhali ananong'ona kuti, "Amafuna akalionetse kwa angelo?"

Ndinaponda mafuta kuti injini ilire kwambiri. Galimoto inali yathu, koma masiku amenewo munthu sankakhulupirira ngakhale mipando.

Pachitunda cha Machinga madzi a injini anawira. Tinaima pansi pa mtengo wa mango kudikira kuti izizire. Amayi atatu ochokera kumjigo anatula ndowa zawo, anagwada patali pang'ono, anati pepani, anatipatsa madzi onse. Mmodzi anafunsa azakhali m'Chiyao kuti maliro akupita kuti. Atamva kuti kwa Mposa, anayang'ana kumwamba kumene dzuwa linali litaima pamutu. Tsiku limenelo aliyense amene tinakumana naye ankayang'ana dzuwa, ngati kuti ine sindinkaliona.

Tinasiya phula pamphambano yolowera kwa Mposa nthawi itangopitirira wani koloko. Pamenepo panali timasitolo tinayi, chigayo ndi mzikiti wofolera udzu. Msewu wa dothi unali ndi mizeremizere ngati malata. Sitinayende ngakhale mtunda woti munthu n'kutopa kufuula. Ndinamva phokoso longa la nzimbe yothyoledwa pabondo. Kumbuyo kwa galimoto kunakhala pansi chakumanzere, tayala linakhula bodi, ndipo jeneza linatsetsereka. Amuna awiri aja analigwira ndi zifuwa. Ndinazimitsa injini. Kunangoti zii.

Azakhali anatsika pang'onopang'ono. Anapita kumbuyo, anagwada m'fumbi pafupi ndi mutu wa jeneza. Kwathu anthu amati galimoto ya maliro ikafa panjira, ndiye kuti womwalirayo akukana, pali chimene chamunyansa. Azakhali anakhala ndi a mjomba zaka makumi awiri popanda mwana, ndipo abale athu kwa Mposa sanawabisire maganizo awo pa nkhaniyi. Anali asanapondeko kumudzi kwathu zaka zisanu ndi ziwiri.

"A Bwanali," anatero, mawu ali pansipansi, "ngati simukufuna kuti ndikafike nanu kwanu, nenani. Nditsala pompano, inu pitani. Koma musandichititse manyazi pamsewu. Ndinakusamalani mpaka m'mawa uno."

Anthu anayamba kusonkhana. Wina anathamanga kukaitana a Fabiano, owotcherera zitsulo kuseri kwa chigayo, amene ankakonza makasu a ng'ombe, ngolo ndi mafelemu a njinga. Anabwera ndi hamala yaing'ono, kolona ili m'khosi, magalasi awo omangidwa ndi chingwe mbali imodzi. Anavula chipewa kwa maliro, anapereka pepani kwa azakhali, analowa pansi. Tinamva akugogoda. *Ngwee, ngwee*, kenako *phu, phu*.

"Chitsulo chamoyo chimalira," anatero ali pansi pomwepo. "Ichi chikutsokomola." Anagogodanso. "Kodi galimoto yanuyi imawerenga?"

Anatuluka ndi chibuma cha simenti m'dzanja limodzi, m'dzanja lina pepala lachikasu. Analitambasula, anakonza magalasi. "Mitengo ya thonje ya chaka chatha. Ndakhala pa ntchito iyi kuyambira nthawi ya azungu. Ndaonapo matabwa, ndaonapo chikopa cha ng'ombe. Koma mmisiri uyu ndi wophunzira. Ndani?"

Anthu ena anabisa pakamwa. Pamaliro saseka, koma m'mimba mumaseka mokha. Ine ndinayang'ana azakhali, akadali chogwada m'fumbi, akudikira yankho la mwamuna wawo.

"Ndine," ndinatero. "A mjomba anandituma kukawotcheretsa. Sindinapite. Iwo anamwalira akuganiza kuti galimoto yawo ndi yolimba."

Azakhali anatembenuka. "Ndiye si ine?"

"Si inu, azakhali. Sakukana. Ndi dzimbiri ndi ine."

Anadzuka, anasasa fumbi pachitenje. "Mulungu akukhululukire," anatero. "Ine ndiyamba ndaganiza."

A Mwalimu anafunsa a Fabiano kuti ntchitoyo ingatenge nthawi yotani. Anati maola anayi, mwina atatu ngati wina awathandiza, ndipo ngati chitsulo cholowetsapo chipezeka. Anawonjezera kuti thanki ya petulo iyenera kutsika kaye, ndipo iwo sangayatse moto pansi pa munthu wogona. A Mwalimu anati zimenezo ngakhale iwo sakanalola.

Pamenepo panafika Che Amini, telala wokalamba amene ankasunga makiyi a mzikiti wa pamphambanopo. Anapereka salamu, anamva nkhani yonse, anati, "Manda tili nawo kuseri kuno. Msilamu ndi m'bale paliponse. Tikayamba kukumba tsopano, pofika alasiri, pemphero la chakumadzulo, takonzeka."

Anali kunena zoona, ndipo ankanena mwachifundo. A Mwalimu anagwedeza mutu kuvomereza. Ndi kutentha kumeneko thupi silikanadikira mawa. Kuchokera pamenepo kukafika kwathu ndi mtunda woti munthu wopanda katundu amanyamuka m'mawa n'kukafika dzuwa litapendeka.

"Ndinawalonjeza," ndinatero. "Anati kwa Mposa, pafupi ndi mayi awo. Mlongo wawo akudikira kuona nkhope."

"Munawalonjezanso zowotcheretsa," anatero a Mwalimu. Sananene mokalipa, n'chifukwa chake zinawawa.

Che Amini anayenda kuzungulira galimoto, anagwira umodzi wa mitengo ya jeneza, anausisita ngati akuyesa nsalu. "Mitengo iyi ilipo inayi," anatero. "Amene anaiika sanaiikire pikapu. Amuna tilipo. Mudzi wotsatira uli ndi mzikiti, wotsatirawonso uli nawo. Ife tiyambe kuyenda naye. Galimoto ikachira itipeza."

A Mwalimu anaganiza, kenako anagamula. "Chabwino. Koma mudzi umene dzuwa litilowerere, ndi momwemo tiike. Sindidutsa naye magharibi. Mwamva, Che Yusufu?"

Ndinamva. Amuna anatuluka m'masitolo, wa chigayo anazimitsa injini yake. Anatsitsa jeneza osaligunditsa pansi, analikweza pamapewa, ananyamuka ndi liwiro lija la maliro achisilamu, loyenda ngati kuthamanga, wina akalandira mtengo wina akuchoka kupita kumbuyo, onse akutchula dzina la Mulungu motsitsa. Fumbi linawatseka. Azakhali anatsala, pakuti akazi satsatira jeneza. Anakhala pamwala moyang'anana ndi galimoto kuti aziona ndikugwira ntchito.

Tinakankhira pikapu kuseri kwa chigayo mothandizidwa ndi amayi amene anatsala ndi matumba awo osagayitsa. Petulo tinamukhuthulira mu ndowa ziwiri ndi beseni lobwereka, tinakaziika patali pamthunzi. Tinamasula thanki. A Fabiano anaika jeke kutsogolo kwa pothyokapo, njerwa ndi chipika kumbuyo, n'kumakweza pang'onopang'ono mpaka mbali ziwirizo zinayang'anana. Anamanga chingwe kuchokera kutsogolo kwa chesisi mpaka kumbuyo kuti aone ngati zawongoka, ndipo nsonga ina ya chingwecho anapatsa azakhali. Iwo anaigwira osafunsa.

Kenako anayamba kugogoda, akulemba ndi choko pamene chitsulo chinayambira kulira bwino. Chovunda chinali chotalika kuposa mkono wanga kuchokera pachigongono. "Ukawotcherera pa dzimbiri uli ngati ukusoka chigamba pa nsanza," anatero. "Zonsezi zichoke."

"Nanga cholowetsapo?"

Ananditengera kuseri kwa nyumba yawo. Pansi pa mtengo wa bwemba panali pikapu ya mtundu womwewo ndi yathu, itakhala pa njerwa, yopanda matayala, yopanda galasi lakutsogolo. Pampando wa dalaivala panali nkhuku ikukhalira mazira. A Fabiano anati anaigula yakufa zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo ankaisonkhanitsira zipangizo chimodzichimodzi. Injini inali m'nyumba, pansi pa bedi. Chesisi yake anaipaka oyilo chaka chilichonse, ndipo inali yosalala ngati yatsopano.

"Ndikadula apa, sidzadzukanso," anatero, dzanja lili pa boneti.

Akazi awo anali pakhonde akusankha nandolo. "Dulani, bambo a Tereza. Nkhukuyo sidzaona kusiyana."

"Iwe, galimoto iyi ikanayenda chaka chamawa."

"Chaka chamawa chimenecho ndinayamba kuchimva Tereza ali kumbuyo. Pano ali ndi wake kumbuyo. Munthu akupita pamapewa uko."

A Fabiano anajambula mizere iwiri ndi choko, yopendekera, osati yowongoka. Anati chodulidwa mowongoka chimathyokanso pamzere womwewo. Anandipatsa sowo yodulira zitsulo. "Mpweya wa m'botolo ndi wochepa, ndiusungira kuwotcherera. Udula ndi manja. Ndipo udule ndiwe. Ine sindingathe kuyang'ana."

Ndinagona chagada pansi pa galimoto ya eni ake, pakati pa zitosi za nkhuku, ndinayamba kucheka. Amene sanachekepo chesisi ndi sowo ya manja asandiuze za chilango. Tizitsulo tinkagwera m'maso ndi m'kamwa. Mpeni woyamba wa sowo unathyoka ndisanafike theka. A Fabiano anabweretsa wachiwiri, anati, "Uwu ndi womaliza m'dera lino lonse. Usaukankhe ngati ukukangana nawo. Uzikoka mofatsa." Matuza anatuluka m'manja, anaphulika, anatulukanso ena pansi pake. Ku koleji anatiphunzitsa kuti chitsulo chikakumana ndi madzi ndi mpweya chimasanduka chinthu china, ndipo ndinkadziwa kulemba zimenezo ndi zilembo ndi manambala. Funso limenelo ndinalikhoza.

Ndikumaliza mzere wachiwiri, kumzikiti kunamveka kuitana kwa alasiri. Mawu ake anali ofooka, onjenjemera. Akazi a Fabiano anati ndi gogo wina wosaona, yekhayo mwa amuna achisilamu amene anatsala pamphambanopo.

Chovunda chija cha pagalimoto yathu a Fabiano anali atachigumula kale ndi hamala. Chidutswacho anachisula pang'ono m'mbali ndi hamala yaikulu kuti chilowe m'kati mwa chesisi yathu ngati dzanja m'thumba, chopitirira uku ndi uku pa chitsulo chamoyo. Tinaboola mabowo anayi ndi chobowolera chopukusa ndi manja, ine kupukusa, iwo kutsamira. Mabawuti tinamasula ku galimoto yawo yomweyo. Atamanga, anafunsa azakhali ngati chingwe chikukhudza paliponse.

"Chikukhudza pakati," anatero azakhali.

Anatsitsa jeke pang'ono. "Pano?"

"Pano chasiya."

Anathira madzi pa kabaidi, timiyala totulutsa mpweya woyaka, m'chigubu chawo, fungo longa la adyo wowola linadzaza pamalopo, anayatsa. Ine ndinagwira chiguduli chonyowa kutchinga matabwa a bodi kuti asagwire moto. Ankawotcherera pang'ono mbali iyi, n'kusamukira mbali ina, n'kubwereranso, kuti chitsulo chisapindike ndi kutentha. Sankafulumira. Mthunzi wa chigayo unatipeza, unatipitirira, unakafika pamsewu. Ine ndinkauyang'ana ndi diso limodzi.

Atazimitsa moto ndinathamangira ndowa ya madzi kuti ndithire pazizire msanga. Anandigwira mkono.

"Mmisiri wa nyuzipepala, khala pansi. Ukathira madzi chiuma ngati mbale yadothi. Chizizire chokha."

"A Fabiano, dzuwa."

"Dzuwa ndaliona. Ukufuna chikathyokerenso pakati pa dambo, kopanda ine?"

Tinakhala pansi atatu, kuyang'ana chitsulo chikuchoka kufiira kupita kukuda. Pa ulendo wonsewo palibe nthawi imene inatalika ngati imeneyo. Azakhali ankasuntha milomo, a Fabiano ankagudubuza kolona ndi chala chakuda ndi mwaye. Ine ndinalibe chogwira, ndinangogwira manja anga omwe.

A Fabiano atalavulira pachitsulo n'kumva kuti malovuwo sakulira, anati tibwezere thanki. Petulo anali atagweramo tizinyalala ta bwemba, ndipo azakhali anatambasula nsonga ya chitenje chawo pakamwa pa thanki kuti tisefere. Tinachotsa jeke. A Fabiano anakwera kumbuyo, anadumpha katatu ndi thupi lawo lonse, anatsika, anasuzumira pansi, anachita chizindikiro cha mtanda.

"Pita. Pa mabampu uzichita ngati wanyamula mazira. Pena ponse usaope."

Ndinafuna kunena mawu oyenera, koma anali atatembenuka kale, akupita kuseri kwa nyumba kumene tinasiya galimoto yawo itagwa msana.

Dzuwa linali litatsala mikono iwiri pamwamba pa phiri la Chikala. Pamudzi woyamba tinapeza amuna a pamphambano aja atakhala pansi pa mtengo, malaya atanyowa, Che Amini akupukusa mapazi. Sanadikire kuti ndifunse, onse analoza kutsogolo. Pamudzi wachiwiri chimodzimodzi, nkhope zina. Pamudzi wachitatu tinapeza amuna awiri a ku Nkaya aja atagona chagada pakhonde la sitolo, anakwera kumbuyo. Patsogolo pake tinapeza a Mwalimu atakwezedwa pakaliyala ya njinga ya munthu wina, nsapato zili m'manja. Anasamukira m'galimoto.

"Yachira?" anafunsa.

"Yachira."

"Ndi chitsulo?"

"Ndi chitsulo, a Mwalimu."

Jeneza tinalipeza likutsika pakamtsinje kouma, kutsogolo kwa mudzi wina umene unali ndi manda ake pambali pa msewu. Ndinawaona mandawo, ndipo ndinaona kuti a Mwalimu awaonanso. Dzuwa linali litatsala mkono umodzi. Mwa anthu amene ananyamula a mjomba panalibe ndi mmodzi yemwe amene ndinamuonapo chibadwire. Ena anali ndi zikofiya, ena analibe. Wina anali ndi khasu lake kumsana, zikuoneka kuti anangochoka kumunda. Anakweza jeneza m'galimoto mosamala, ndipo chesisi sinanene kanthu.

Wa khasuyo anapukuta thukuta, anandiyandikira. "Pepani achimwene. Kodi tanyamula ndani?"

"Che Bwanali, a kwa Mposa. Ankagula nsomba ku Chilwa."

"Oo." Anaganiza pang'ono. "Sindinawadziwe. Koma sanali olemera. Fulumirani."

Mtunda wotsalawo sindiukumbuka bwino. Ndikukumbuka kuti pa mabampu ndinkachita ngati ndanyamula mazira, ndipo pena ponse sindinaope. Tinalowa m'mudzi dzuwa litakhudza phiri. Anthu anali atadikira kuyambira masana, ena atayamba kunena kuti uthenga unalakwika tsiku. Tinalowetsa jeneza m'nyumba ya mayi. A Mwalimu anamasula sanda kumutu, anatuluka, anapatsa akazi nthawi yochepa. Mayi anagwada, anayang'ana mlongo wawo, anamugwira pachipumi. Sanalire mokweza. Anangoti, "Wabwera, Bwanali."

Tinaswalira pabwalo, mizere itatu. Kumanda ndinatsikira m'dzenje pamodzi ndi abale awiri kukalandira thupi, monga mwana wa mlongo amayenera. A Mwalimu anayang'ana manja anga, akuda ndi oyilo, otupa, ndipo anandithira madzi a m'ketulo ndisanatsike, kuti ndisadetse sanda. Tinawagoneka chakumanja, nkhope kuyang'ana kumene timayang'ana poswali, manda a agogo ali pambali. Dothi lomaliza linagwa kumwamba kukadali kofiira. Tikusamba m'manja, kumzikiti anaitana magharibi.

Nditabwerera kunyumba ndinapeza azakhali atakhala pamphasa kumapeto kwa khonde, patali pang'ono ndi akazi a kwathu. Chitenje chawo chinkanunkha petulo. Mayi anatuluka, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anayang'ana manja anga.

"Mwachedwa chonchi bwanji? Mlongo wanga anavutika m'njira?"

Ndinatsegula pakamwa, koma azakhali anandiyambirira. Akanatha kunena zonse, pamaso pa mudzi wonse, ndipo palibe amene akanawatsutsa.

"Iyayi, alamu," anatero. "Anabwera bwino. Anthu ambiri anawaperekeza."

Mayi anayang'ana azakhali. Kenako anakoka mphasa yawo, anakaiyala pafupi ndi ya azakhali, anakhala pansi.